Kadziwotche wa M'filiji Mwathu

Amuna anga atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, azimayi anzanga ankandichenjeza za mowa ndi za atsikana a m'tauni. Ankati mwamuna akasowa chochita amasanduka mwana, uzimuyang'anira. Ndinamvera malangizo onsewo, ndinakonzeka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandichenjeza za tizilombo.

Bambo a kunyumbawa moyo wawo wonse ankayendera masikelo m'misika ndi m'mabutchala, kuona ngati ogulitsa sakubera anthu. N'chifukwa chake msewu wathu wonse umawatcha a Sikelo, ndipo iwo amayankha mosangalala. Munthu wotere sadziwa kukhala pansi. Sabata yoyamba ya kupuma kwawo analowa m'khitchini mwanga n'kundiuza kuti supuni zanga n'zosalingana. Sabata yachiwiri anabwera m'chipinda chakumbuyo momwe ndimasokeramo, natenga tepi yanga yoyezera makasitomala, naiyeza ndi tepi ina, n'kulengeza kuti yatanuka. Ndasoka ndi tepi imeneyo madiresi a akwati a tauni yonse ndipo palibe anakwatiwa wamaliseche.

Ndinaimbira mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, kuti abwere adzatenge bambo ake ndisanapalamule mlandu. Iye anabwera ndi kamera yake yakale, nawalowetsa m'gulu lina la pa intaneti la anthu ojambula zachilengedwe. Ankaganiza kuti azijambula maluwa, kapena mbalame. Mwa zolengedwa zonse za Mulungu, bambo ake anasankha akadziwotche, aja amazungulira nyale mpaka kupsa.

Ndowa yanga yonyikamo nsalu ndiyo inayamba kusowa. Ndinaipeza kuseri kwa nyumba, pakati pa kamunda kathu, itavala fanulo yaikulu kukamwa, pamwamba pake atapachika babu lowala ngati la pabwalo la mpira. M'kati mwake anasanjamo matileyi a mazira. Anandifotokozera, ngakhale sindinafunse, kuti tizilomboto timabwera kutsata kuwala, timagwera m'fanulomo, ndiye timabisala m'mapanga a matileyiwo mpaka kucha. Shiti yanga yoyera, ya alendo, anaiyala pansi pa ndowayo kuti otera pambali azioneka. Nditafunsa kuti alendo akabwera adzagonera chiyani, anati alendo ndi omwewo akubwera madzulo ano.

Kuyambira pamenepo moyo wathu unasintha nthawi. Dzuwa likamalowa amayatsa babu. M'bandakucha, munthu amene kale ndinkachita kumugwedeza kuti apite ku ntchito, amadzuka yekha, kuvala jekete pamwamba pa zogonera, kukagwada pa udzu wamame. Amatulutsa tileyi imodziimodzi mwaulemu ngati wanyamula khanda. Aliyense amene wamusangalatsa amamunyamula ndi kaburashi kofewa, kumuika m'kabotolo, kabotoloko m'filiji. Amati akazizidwa pang'ono amakhazikika, sayendayenda pojambulidwa. Motero ine ndikatsegula filiji kufuna mkaka wa tiyi, ndimapeza maso akundiyang'ana.

Kujambulako ndiye mwambo wake. Amamukhazika pa tsamba kapena pa khungwa, kuika karula pambali, kugona chafufumimba, kugwira mpweya. Akatha amakamusiya pansi pa masamba kuti mbalame zisamuone. Kenako amakhala patebulo ndi chibuku cha zithunzi mpaka tiyi kuzizira, kufananiza mizere ya pa mapiko ndi kutchula maina a Chilatini otalika ngati sitima ya katundu. Pa zaka zonse za ukwati wathu, zithunzi zimene anandijambula ine sizidzaza dzanja limodzi, ndipo china mwa izo ndilibe mutu. Koma kachilombo kotuwa ngati chiguduli kamajambulidwa cha kumaso, cha kumbuyo, cha m'mbali.

Dzina loti kadziwotche sankalifuna. Ankati n'chipongwe, tizinena kuti agulugufe a usiku. Nditadandaula kuti akundiitanira njenjete m'nyumba yodzadza nsalu za eni ake, anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa mpaka mpunga kupserera kuti odya nsalu ndi ochepa kwambiri, ambiriwa ndi anthu abwino. Anatero ndithu, anthu abwino.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Tcheya. Kalekale anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti yoona za zinyalala mumsewu mwathu. Komitiyo inafa, zinyalala zilipobe, koma udindo unawakanirira. Ndi munthu woti ngakhale pobwereka wilibala amayamba ndi mawu otsegulira msonkhano. Chuma chawo chachikulu chinali mtengo wa malalanje umene unali pafupi ndi mpanda, nthambi zina zitagwera kwathu. Ankaudziwa lalanje lililonse. Likagwera mbali yathu ankabwera kudzalitenga okha, kudzera kugeti, atavala nsapato.

Iwowa anafika m'mawa wina kudzapereka dandaulo, loti kuwala kwa babu kukulowa kuchipinda kwawo ndipo sakugona. Amuna anga anawalandira bwino nawatengera kundowa kuti aone chimene akusowera tulo. Tsiku limenelo munagwera wina wamkulu ngati chikhatho, wobiriwira, wa mizere yofiirira. A Tcheya anamuyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti babulo ndi la mphamvu yanji, nachoka osamaliza dandaulo lawo. Pasanathe sabata kuseri kwa mpanda kunayaka chinyale cha alonda, chija amaika pa mafakitale, pansi pake pali mgolo wathunthu. Mkazi wawo, amene ndi mnzanga, anandiuza tikuyanika zovala kuti tsopano iyenso mazira amasunga m'mbale chifukwa matileyi onse analowa usilikali.

Ndiye m'mawa uliwonse madoda awiri a imvi amapatsana moni pampanda, aliyense ataima pa njerwa. Moni wake waulemu kwambiri, wofunsa ndi za ana omwe. Kenako wina amafunsa ngati kunabwera alendo, winayo n'kuyankha kuti ochepa chabe, osayenera n'kutchula komwe, uku akukweza kabotolo kuti dzuwa likawale bwino. Amuna anga ankabwera m'nyumba akung'ung'udza kuti chinyale cha a Tcheya chikuwabera tizilombo tawo, ndiponso kuti munthuyo sadziwa dzina ndi limodzi lomwe, onse amangowatcha wamkulu kapena wamng'ono. A Tcheya nawo ankauza mkazi wawo kuti a Sikelo amabisala m'Chilatini chifukwa ndowa yawo ndi yaing'ono.

Kumapeto kwa mvula, m'ndowa mwathu munagwera mlendo amene anabweretsa nkhani yonseyi. Kukongola ayi. Anali kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, kofiirira ngati thumba lakale, kali ndi kamzere konyezimira ngati waya wa magetsi ndi timadontho tiwiri toyera kumapeto kwa mapiko. Ine ndikanakapeza pa tebulo ndikanakapukuta ndi chiguduli. Amuna anga anakajambula pa tsamba, natsegula chibuku chawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, nabwereranso. Munalibe. Anatumiza zithunzi ku gulu lija. Anthu a m'gulumo, amene amatha kutchula dzina munthu asanamalize kutumiza, anakhala chete tsiku lonse, kenako anayamba kukangana okhaokha. Madzulo kunabwera uthenga wochokera kwa dokotala wina wa tizilombo wa ku sukulu ya ukachenjede. Unali waufupi: musakataye, kasungeni pozizira, ndibwera Loweruka.

Amuna anga anandiwerengera uthengawo katatu, kachitatuko ataimirira. Kenako anatsegula filiji n'kutulutsa zonse za pa shelefu yapamwamba, batala, mkaka, nyama ya mawa, kuti mlendo apume bwino. Kabotolo kanakhala pakatikati pokha ngati mfumu. Analamula kuti chitseko cha filiji chizitsegulidwa pang'onopang'ono, ndipo wotsegula asamayankhule mokweza.

Anandifotokozera kuti munthu akapeza kachilombo kosadziwika, akatswiri amakapatsa dzina la wopezayo, kuwonjezera kamchira ka Chilatini kumapeto, ndipo dzinalo limakhala mpaka dziko lidzathe. Ndinkawamva kubafa akuyeserera, dzina la makolo awo likutuluka ndi michira yosiyanasiyana pakati pa phokoso la madzi. Anakameta tsitsi Lachitatu. Anandipempha kuti ndifupikitse manja a jekete lawo la ukwati wa mwana wathu. Ndipo pofuna kundisonyeza kuti sanandiiwale, anandigwira paphewa ndili pa makina n'kunena kuti:

"Mayi, musadandaule. Ndikadzapeza kena, kadzakhala ka inu."

Ndinawathokoza kwambiri. Akazi ena amangopatsidwa nyumba ndi magalimoto.

Tinagwirizana kuti nkhaniyi ikhale yachinsinsi mpaka Loweruka. Chinsinsicho chinapirira mpaka m'mawa mwake, pa moni wa pampanda. Ine ndili pawindo la chipinda chosokera ndinawaona akukweza kamera kuti a Tcheya aone chithunzi, akuyankhula modzichepetsa ngati munthu amene wangotola kanthu pamsewu. A Tcheya anavala magalasi, nayang'ana, natsika panjerwa. Masana anagogoda kugeti atanyamula chipewa m'manja.

Anayamba ndi kuyamikira ubale wa mabanja athu awiri. Atatha anati pali kanthu kakang'ono kofunika kukonza zinthu zisanapite patali. Tizilombo ta mtundu umenewo, iwo akhala akutiona pa mtengo wawo wa malalanje kwa masabata, kungoti sanafune kudzitama. Choncho kachilombo kali m'filijika kanabadwira kwawo, kanakulira kwawo, kanadya za kwawo, ndipo kanangodumpha mpanda usiku umodzi chifukwa chonyengedwa ndi babu.

"Nkhuku ikalowa kwa neba, a Sikelo, siisintha mwini," anatero.

Amuna anga anayankha kuti nkhuku imakhala ndi khola, koma chouluka mumlengalenga mwini wake ndi amene wachigwira. Anawonjeza kuti munthu amene satha kusiyanitsa gulugufe ndi mphemvu asayambe lero kukhala kholo la tizilombo. A Tcheya anati aonana Loweruka, ndipo adzabwera ndi umboni. Tiyi amene ndinawapangira anamusiya osamukhudza, koma mabisiketi anatenga.

Loweruka linafika. Amuna anga anavala jekete kuyambira m'mawa, nakhala pabalaza osatsamira kuopa kulikwinya. A Tcheya anabwera ndi suti ndi tayi, atanyamula beseni lovundikira ndi thaulo, nakhala mpando woyang'anana nawo, beseni pamiyendo. Onse awiri ankayembekezera nkhalamba ya ndevu zoyera. Pageti panaima kagalimoto kafumbi, n'kutsika mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu, atavala majombo amatope, chikwama kumsana. A Tcheya anamufunsa ngati dokotala akubwera pambuyo. Iye anati ndi yemweyo, napempha kuti asambe m'manja.

Kabotolo kanabwera pa thireyi yanga ya alendo. Dokotala anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu, nawerama, nakhala choncho nthawi ndithu. Ine ndinkamuyang'ana nkhope, poti ndazolowera kuwerenga nkhope za makasitomala akamayesa diresi. Sinali nkhope ya munthu amene wakondwa. Anadzutsa mutu n'kufunsa ngati tikudziwa kumene kachilomboka kanachokera.

Anayankha onse awiri nthawi imodzi, koma pa zoyankhula a Tcheya sapikisana ndi munthu. Anaimirira, namanga batani la suti, navundukula beseni. Munali malalanje, lililonse lili ndi kabowo ndi banga lofewa. Anafotokoza kuti mtengo wawo si mtengo wamba. Anati tizilomboti tinasankha kwawo chifukwa timadziwa chabwino, makamaka chiyambire pamene anabweretsa mbande zatsopano ndi thumba la zipatso kuchokera kwa mlamu wawo wa kutsidya kwa malire. Ananena monyadira kuti anazibisa pansi pa masutikesi, ndipo a pachipata sanaone kanthu. Pomaliza anatchula dzina lawo lonse pang'onopang'ono, kuti dokotala asavutike kalembedwe kake.

Dokotala anatenga lalanje limodzi, nalidula pakati ndi kampeni ka m'thumba. M'kati munali mbozi yofiirira ikudzipinda. Anadula lachiwiri, chimodzimodzi. Anapukuta kampeni pa thaulo la a Tcheya, n'kunena mofatsa kuti kachilomboka dzina kali nalo kale, kanapatsidwa agogo athu asanabadwe. M'maiko ena alimi amakadziwa bwino chifukwa kamatha minda ya malalanje ndi mandimu, kusiya eni ake manja ali m'khosi. Kuno kanali kasanaonekepo, aka n'koyamba. Ndipo lamulo limamukakamiza kukanena ku ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo.

A Tcheya anakhala pansi pang'onopang'ono, nakankhira beseni pakati pa tebulo ndi nsonga za zala.

"Komatu kunena zoona, adokotala," anatero, "chinthuchi chagwidwa kuno kwa a Sikelo. Ine kwanga sindinagwirepo."

"Nkhuku ikalowa kwa neba siisintha mwini, a Tcheya," anatero amuna anga, akuyang'ana kudenga.

Ine ndinapita kukhitchini kukatenga shuga amene anali kale patebulo.

Nditabwerako ndinapeza dokotala akuyamikira amuna anga. Anati zithunzi zawo n'zabwino kuposa za ophunzira ake ambiri, ndipo chifukwa choti akagwira msanga, mwina minda ya alimi a m'chigawo chonse ipulumuka. Ndikuganiza kuti ankanena zoona. Koma bambowo sanamve chilichonse pambuyo pa mawu oti dzina lilipo kale. Pamene dokotala anatulutsa kabotolo kake ka mankhwala kuti aikemo kachilombo kaja, amuna anga anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati akamaliza kukaona adzakamasula. Chiyambire anali asanaphepo ndi kamodzi komwe. Dokotala anati pepani bambo, aka ayi. Iwo anagwedeza mutu, natuluka panja, nakaima pafupi ndi ndowa yawo atavala jekete la manja ofupikitsa lija.

A zaulimi sanachedwe. Amene amati maofesi a boma amagona sanawaonepo akamva za mbozi. Anabwera ndi lole, amuna ovala maovolosi oyera ndi zophimba kumaso, mapampu kumsana. Anathyola malalanje onse a a Tcheya, akupsa ndi aawisi omwe, nawakwirira m'dzenje lakuya. Mbande za kwa mlamu zija anazitentha. Mkulu wawo anawafunsa a Tcheya mafunso ambiri okhudza masutikesi, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni ndinawamva akuyankha ndi mawu amodziamodzi. Kenako anati mtengo waukuluwo nawo ugwe.

A Tcheya anaima pabwalo manja kumbuyo, akulangiza anyamata a macheka mbali yoti ugwere, ngakhale panalibe wowamvera. Makina atalira analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mnzanga anandiuza kuti mtengowo anadzala chaka chimene anabadwa mwana wawo woyamba, ndipo tsiku limenelo sanadye, anangogona choyang'ana kukhoma. Nthambi za mbali yathu zinagwera pa shiti yanga ya alendo.

Atatha apo a zaulimi anapopera mankhwala kwa a Tcheya, kwathu, ndi m'nyumba zonse za mumsewu, nadulanso mitengo ingapo ya mandimu imene anaipeza ndi mbozi. Anthu a mumsewu mwathu ndi anzeru, sanavutike kupeza wolakwa. Za masutikesi sanazimve bwino, koma babu ankaliona usiku uliwonse. Choncho nkhani inamveka yoti a Sikelo akhala akuitana tizilombo ta kunja ndi magetsi. Kugolosale anthu ankasiya kuyankhula ndikalowa. Mayi wina amene anadulidwa mandimu anabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka, nati sangavale chovala chosokedwa m'nyumba yoweta mbozi. Ndinamupatsa, pamodzi ndi muyeso wa chiuno chake, ndinautchula mokweza pageti kuti telala winayo asadzavutike.

Chinyale cha a Tcheya sichinayakenso. Mgolo uja anauika pansi pa mpopi wa denga kuti uzitunga madzi a mvula. Moni wa pampanda unatha, njerwa zoimapo zinamera udzu. Koma amuna anga anapitiriza kuyatsa babu madzulo alionse ndi kudzuka m'bandakucha. Ndinkawaona pawindo akutulutsa matileyi, imodziimodzi monga kale, kuitembenuza, kuiyang'ana m'mapanga monse, kuiika pambali. Munalibe kanthu. Mankhwala aja sanasankhe anthu abwino ndi oipa. Ankabwera m'nyumba maondo atanyowa, kukhala patebulo, kumwa tiyi akadali wotentha. Filiji inabwerera kwa ine yonse, mashelefu onse, ndendende monga ndinkapempherera. Sindinaikonde.

Tsiku lina ndikufunyulula nsalu ya makatani ya kasitomala, munatuluka njenjete yeniyeni, ija yodya nsalu, mdani wanga wa moyo wonse. Dzanja linali litakwera kale ndi silipasi ya mpira. Ndinaitsitsa. Ndinatenga kapu, ndinaivundikira, ndinalowetsa kapepala pansi, n'kupita nayo pabalaza. Ndinauza amuna anga kuti akamaliza asaimasulire m'nyumba mwanga, akaisiye kutali, makamaka kwa mayi wa mandimu uja. Anaiyang'ana, nandiyang'ana ine, napita kukatenga kamera. Anaijambula m'mawa wonse, ndipo anandiuza dzina lake la Chilatini kawiri, poganiza kuti koyambako sindinamve.

Patapita miyezi, tizilombo tinayamba kubwerera pang'onopang'ono, woyamba anali wotuwa wamba amene kale sankamujambula n'komwe. Nthawi yomweyo a zaulimi anamata mapepala akuluakulu a chenjezo paliponse, pa siteji ya basi, kumsika, pachipatala. Pamwamba analemba ndi zilembo zofiira kuti MDANI WA MALALANJE, MUKAMUONA NENANI. Pansi pake panali chithunzi cha amuna anga, ndikutanthauza chimene anajambula, kachilombo kaja katakula ngati nkhunda, katakhala pa tsamba. Dokotala anali atawapempha chilolezo pafoni, iwo n'kuvomera asanamalize kufunsa. Dzina lawo linalipo ndithu, m'munsi pakona, tizilembo toti munthu aziwerenga ndi kagalasi ka dokotala kaja. Koma m'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka chala chawo chachikulu chitagwira tsamba, chikhadabo chonse bwinobwino.

Anayamba kupita ku siteji ya basi tsiku ndi tsiku popanda ulendo. Amaima pafupi ndi pepalalo, munthu akangoliyang'ana amamupatsa moni, kenako amaika chala chawo pambali pa cha pachithunzicho kuti munthuyo afananize yekha. Makondakitala anawazolowera mpaka anasiya kuwaitanira basi.

Ndinali nawo tsiku lina pochokera kogula ulusi pamene tinapeza a Tcheya ataima pamenepo, magalasi pamphuno. Anali asanayankhulane chigwereni mtengo. Ndinkaganiza kuti tidutsa, koma a Tcheya anatembenuka n'kufunsa, osapereka moni, kuti tsamba lili pachithunzilo linathyoledwa kuti. Amuna anga anayang'ana pansi, nati pa nthambi ya mbali yathu.

"Ndinalizindikira," anatero a Tcheya. "Tsamba la mtengo wanga limenelo. Munathyola osapempha."

Analiyang'ananso tsambalo. Kenako anati pa zaka zonsezo sanaganizepo zoujambula mtengowo, ankaona ngati udzakhalapo nthawi zonse.

Mawa lake amuna anga anavala jekete n'kupita ku ofesi ya zaulimi, nabwerako ndi mapepala awiri a chenjezo aja atawakulunga bwino. Limodzi anakapereka okha kwa a Tcheya, kudzera kugeti. Anakhalako mpaka ndinachita kutuma uthenga kuti chakudya chazizira, ndipo pobwera anali akung'ung'udza kuti munthu uja akuumirira kuti pachithunzipo chachikulu ndi tsamba, kachilombo ndi chala n'zongoperekeza. Linalo analiika m'felemu ya galasi n'kulipachika pabalaza, pamalo pamene panali chithunzi cha ukwati wathu. Chaukwaticho anachisunthira mukhonde lopita kubafa, ati kumeneko n'kumene anthu amadutsa kwambiri.